Chimfine pa Mowa wa Nangondo

Kalekale, kale lenileni, mphuno za anthu zisanadziwe mamina, kunali mayi wina dzina lake Nangondo. Mayiyu anali wofulula mowa. Ndikati mowa, sindikunena madzi otsukira mbiya amene mumamwa masiku anowa ayi. Mowa wa Nangondo ukapsa, anthu ankawoloka mtsinje kudzaumwa.

Mwamuna wake anali Zalimba, wotchera misampha ya mbalame kudambo.

Nthawi imeneyo Chimfine sanali wa anthu. Ankakhala kudambo komweko, m'milomo ya atsekwe. Iye ndi atsekwe anazolowerana kalekale, ankangoyendera limodzi popanda mlandu.

Tsiku lina Zalimba anakola tsekwe. Anakhala pansi n'kuyamba kusosola nthenga, nkhope ili pafupi. Chimfine ataona kuti mwini nyumba wafa, anayang'ana uku, anayang'ana uku, n'kuona mphuno ya Zalimba ili chitsegukire. Analowa.

Mvetsera bwino apa. Chimfine sankadziwa kukhala ndi anthu. Anali ngati mlendo wanjala amene wasiyidwa yekha m'nyumba. Anadya pamphuno, sanakhute. Anatsikira pakhosi, sanakhute. Anatsikira m'chifuwa n'kukhazikika momwemo, kudya, kudya, kudya.

Zalimba anatsokomola, anatentha thupi, anagona pamphasa. Sanadzukenso. Anasiya mkazi wake ali ndi pakati, ndipo Chimfine anali atalumphira kale mwa amene ankadwazika matendawo.

Tsono mwambo wathu ukuudziwa. Munthu sathawa maliro. Ukapanda kuoneka, anthu amakuloza chala kuti ndiwe wadya malemuyo. Choncho anabwera a m'mudzi, anabwera a kutsidya, anabwera a kuphiri. Amayi anadzaza m'nyumba ya siwa, kukhala mothinana, kulira mogwirana m'mapewa, kupumirana kumaso. Chimfine anangoti anthu awa ndi aulemu bwanji, andisonkhanira okha.

Pobalalika, aliyense anamutenga kupita naye kwawo. Maliro anabala maliro. Kuika uyu lero, mawa mfuu yamveka kutsidya. Anthu n'kunyamuka kupita kumeneko, n'kukamutenganso. Makasu okumbira manda sanaume dothi chaka chimenecho.

Nangondo nayenso anagona pamphasa. Chimfine anamudya pamphuno, anamudya pakhosi, koma atati atsikire m'chifuwa, anapeza kuti mayiyu ndi wamakani. Analimbana, analimbana, mpaka Chimfine anatuluka asakufuna. Ndiye thupi la munthu siliiwala nkhope ya amene linalimbana naye. Kuchokera pamenepo, Chimfine akati ayandikire, thupi la Nangondo linkamuzindikira akadali patali, n'kutseka chitseko.

Zinateronso ndi onse amene anadzuka pamphasa.

Tsono taona. Ofooka anapita kumanda. Otsala onse anali omudziwa. Chimfine akafika apa, odi, ankamuyankha kuti takudziwa, pita. Akafika apo, odi, takudziwa, pita. Kudambo sakanabwerera, pakuti anali atasintha, milomo ya atsekwe sinkamukwananso. Anaonda, nthiti kuonekera, n'kukakhala padzala kuseri kwa nyumba ya Nangondo.

Sanasankhe dzala limenelo pachabe. Ankadikira.

Nangondo anabereka mwana wamkazi n'kumutcha Mwatitha. M'mudzi wonsewo, mwana ameneyu yekha ndiye sankamudziwa Chimfine. Ndipo mwa abale onse a Nangondo, amene anatsala naye ndi mwana yekhayu.

Mwana ali m'chikuta, Chimfine analibe polowera, pakuti m'chikuta mumalowa amayi ochepa okha, ndipo onsewo anali omudziwa. Mwana atatuluka m'chikuta, Chimfine anayesa, koma anapeza kuti mkaka wa mayi wamuuza kale mwanayo nkhope yake. Anabwerera padzala akung'ung'udza. Anati palibe kanthu, bere limatha, mwana adzaleka kuyamwa.

Nangondo anamumva. Mantha anamugwira kwambiri, sindikubisire. Koma mayi ameneyu mantha sankamukhazika pansi. M'mawa mwake anatenga phulusa kukataya kudzala, mwana ali kumbuyo, n'kuima pamaso pa Chimfine.

Anamufunsa kuti ndi kudya konse kuja, bwanji waonda chonchi. Chimfine anayankha kuti anthu ndi oipa mtima, onse amukana. Nangondo anaseka. Kuseka kwenikweni, mpaka mwana anadzuka kumbuyo.

"Iwe ndiwe chitsiru," anatero. "Ine ndimafulula mowa. Ndikanati ndizifulula woti munthu akamwa agwe osadzukanso, bwenzi akumwa ndani lero? Mowa wabwino umamusiya munthu ayende ndi miyendo yake, akauze anzake, abwerenso."



Nangondo anapitiriza. Anati munthu wogona pamphasa sapita nawe kulikonse, ndipo wakufa amapita nawe kudzenje. Wokunyamula ndi amene akuyenda, wopita kuchitsime, wopita kumunda, wopita kukaona apongozi. Anamuuza kuti akalowa mwa munthu azikhala pakhonde, ndiye kuti pamphuno ndi pakhosi basi. M'chifuwa ndi kuchipinda, mlendo safikako.

Chimfine anati zamveka, koma nanga adya chiyani, poti pakadali pano aliyense akumudziwa?

Nangondo anati nayenso safulula chaka chonse, amafulula akakolola. Anamuuza kuti achoke, apite kutali kumene sakumudziwa, azibwera kamodzi pachaka, nkhokwe zitadzaza, kunja kukuzizira. Mumtima ankati nthawi imeneyo ana amakhala okhuta, matupi ali ndi mphamvu, ndipo Mwatitha adzakhala atalimba.

Chimfine anayang'ana kumbuyo kwa Nangondo n'kufunsa, "Ndikadzabwera, mwanayo mudzandipatsa, mayi?"

Funso limeneli linamubaya Nangondo. Koma ankadziwa kuti mwana sungamubise mumtsuko moyo wake wonse. Anati, "Pakhonde pokha. Ukadzatsika m'chifuwa mwake, udzandiona."

Chimfine anakwera pa wamalonda wa mchere amene ankadutsa, n'kupita.

Nangondo anabwerera m'nyumba akudzitama kuti wamupusitsa. Ha, Nangondo iwe! Sanaganize kuti nthawi yozizira ndi imene anthu amatseka zitseko, kumata ming'alu, kuunjikana m'nyumba ya utsi. Sanaganize kuti anthu akakolola m'pamene pamakhala maukwati, zinamwali ndi mowa. Anamupatsa yekha Chimfine nyengo yonona kuposa zonse.

Chaka chotsatira Chimfine sanaoneke, anali kutali. Anthu anati wapita, watisiya. Mvula inagwa, inatha, inagwanso, inathanso. Mwatitha analeka bere, nayamba kuthamangitsa nkhuku pabwalo.

Anthu anakolola bwino. Mwera unayamba kuwomba, milomo kusweka, miyendo kutuwa. Nangondo anati tsopano chimanga chilipo, afulule mowa woperekeza mzimu wa Zalimba, poti chaka cha maliro chija anthu sanalime ndipo mowawo unachedwa. Anafulula mbiya zambiri. Anabwera a m'mudzi, anabwera a kutsidya, anabwera a kuphiri.

Maso a Nangondo anali kunjira, kuyang'ana woonda uja wa padzala. Sanamuone. Koma pakati pa alendo panali mkulu wina wonenepa bwino, wovala nyanda yatsopano, mphini zachilendo pamasaya. Anakhala pansi mwaulemu, anaomba m'manja. Nangondo anamupatsa moni ndi manja awiri, anamutungira chipanda, analawa yekha poyamba monga amachitira wofulula, n'kumupatsa. Mlendo anamwa, nabweza chipanda kuti mayi, imwaninso. Nangondo anamwa.

Anali Chimfine.

M'midzi yakutali ija anaphunzira chinthu chimene Nangondo sanamuphunzitse, kusintha nkhope. Akalowa mwa uyu, ankatuluka atasintha pang'ono. Akalowa mwa uyo, wasinthanso pang'ono. Pofika kuno, thupi la Nangondo linangoti nkhope iyi ngati ndinaionapo, koma kaya. Pamene linkati likumbuke, iye anali atalowa kale.

Mwa Nangondo sanachite zambiri, kamutu kuwawa, pakhosi kukanda, basi. Koma Nangondo ndiye ankatafunira mwana chakudya, ndiye ankafunda naye nsalu imodzi. Mwiniwake ananyamula Chimfine n'kukamupereka kwa Mwatitha.

Mwana anatentha thupi. Anakana phala. Anakana madzi. Mphuno zinatsekeka, maso anafiira. Nangondo anadzilimbitsa mtima kuti palibe kanthu, ali pakhonde. Kunja ng'oma zinali zikulirabe, poti mowa wa Nangondo sunkatha msanga.

Koma dzuwa lili pamutu, anaika khutu pachifuwa cha mwana n'kumva kenakake kakulira m'katimo ngati kamwana ka mphaka. Nthiti zinkalowa m'kati popuma. Chimfine anali atayamba kutsika. Mwanayo anali wofewa, wokoma, ndipo njala yakale ija inamudzukira Chimfine.

Nangondo sanalire. Anabereka mwana kumbuyo, anatenga munsi, n'kutuluka pabwalo pamene panali mbiya. Anthu anasiya kuvina.

Anakweza munsi. Phwaa! Mbiya inasweka, mowa kuyenderera m'fumbi. Amuna anagwira pakamwa. Ena anati wapenga, ena anati mzimu wa Zalimba wamugwira.

Anaima pa mbiya ina, n'kuyankhula osatembenuka, kuuza amene anali kumbuyo kwake, m'thupi la mwana.

"Ukundimva, Chimfine? Mwana uyu akafa, sindidzafululanso. Ndidzaswa mbiya za m'mudzi muno ndi za kutsidya zomwe. Ndipo pamaliro ake sindidzaitana munthu, ndidzamuika ndekha. Udzalowa naye m'dzenje, iwe ndi iye, basi."

Phwaa! Inanso inasweka.

Chimfine anaima pakati pa njira, pakati pa khosi ndi chifuwa. Anasuzumira kunja. Anaona bwalo lodzaza anthu, mphuno mbwee, ena oti mawa awoloka mtsinje, ena oti akwera phiri. Anayang'ana pansi, anaona kachifuwa kamodzi, kakang'ono, ndi dzenje kuseri kwake. Usaganize kuti anamva chisoni. Chimfine alibe chisoni, sanakhalepo nacho. Anangoona kumene kunali chakudya chambiri.

Munsi unali m'mwamba kachitatu pamene Chimfine anatembenuka. Anakwera pakhosi, anakwera pamphuno, n'kudziponya kunja ndi mphamvu zake zonse.

Etsiii!

Kumeneko ndiko kunali kuyetsemula koyamba padziko pano. Anthu anadzidzimuka, ena kutaya zipanda. Mwatitha anayetsemulanso, mamina chuchuchu, kenako analira kulira kwa mwana wamoyo, kokwiya, kogonthetsa m'khutu. Nangondo anatsitsa munsi. Anakhala pansi m'matope a mowa wake, anamasula mwana, anamuika pamiyendo, n'kuyamba kulira.

Mwatitha anachira. Omwa mowa aja anabwerera kwawo akuyetsemula njira yonse, ndipo ambiri a iwo sanagone n'komwe pamphasa.

Kuyambira pamenepo Chimfine ndi wathu, sachokanso. Kukatentha amapita kumene kukuzizira, kapena amabisala mwa munthu mmodzimmodzi. Tikakolola, mwera ukawomba, wafika, nkhope ina, chovala china. N'chifukwa chake udwala chaka chino ngakhale unadwala chaka chatha. Ambirife amatisiya tiziyenda, poti miyendo yathu ndiyo miyendo yake.

Koma usanamizidwe ndi ulemu wakewo. Akapeza khanda, akapeza nkhalamba, akapeza wodwaladwala, amaiwala za khonde, amatsika. Ndiye iwe ukamva pakhosi pakukanda, usathamangire kukanyamula khanda la mnzako, ati ndi chikondi. Pereka moni uli patali, mawu amafika ndithu. Si mayi aliyense ali ndi mbiya zoti aswe.

Ine ndaitula pomwepa, nthano yanga yathera apa.