Thabwa Lotsamira pa Malata

Pamsika wina wa m'tauni panali munthu wina, mmisiri wokonza malumo a anthu ometa. Sindikunena timalumo togula pagolosale ayi. Anali malumo akale opinda ngati mpeni, amene chitsulo chake chimalowa pakati pa timatabwa tiwiri togwirira. Timatabwato tikathyoka, iye ankacheka tatsopano pathabwa la pulasitiki.

Ntchito imeneyi imafuna thabwa lowongoka. Chogwirira chikangokhota pang'ono, lumo potseka limagunda m'mbali n'kubenthuka. Kuwongolako mmisiriyu ankakutha, tisamunamizire. Ankaika thabwa pakati pa zitsulo ziwiri zosalala, n'kuzitenthetsa pang'onopang'ono pambaula ya makala ozilala. Kenaka ankasanjikapo njerwa mpaka zonse zitazizira. Akachotsa njerwazo, thabwa linkatuluka lili see, ngati galasi la pawindo.

Pa matabwa ake onse panali limodzi lokongola kwambiri. Linali lofiirira ngati uchi, ndipo dzuwa likaliwomba linkawala mpaka mkati. Lina lotero pamsikapo panalibe. Choncho m'mawa uliwonse ankalitulutsa n'kulitsamiritsa pa malata a kashedi kake, mbali ya kumsewu, kuti odutsa azilisirira. Malata aja masana ankatentha moti mwana sakanawakhudza. Pofika madzulo thabwa lija linkakhala litapindika ngati chikopa cha mbuzi chouma padzuwa.

Kuseri kwa msikawo kunali mkulu wina amene ankameta anthu pansi pa mtengo wa mango. Analibe makina amagetsi, analibe nyumba yometeramo. Anali ndi mpando, lamba wonolera, ndi lumo limodzi limene anayamba nalo ntchito ali mnyamata. Ankameta azibambo achikulire amene safuna phokoso la makina pachibwano pawo. Lumo limenelo ndilo linkamudyetsa iye ndi mkazi wake wodwaladwala. Tsopano chogwirira chake chinali chitang'aluka, ndipo anali atachikulunga ndi ulusi.

Mkuluyu anapita kwa mmisiri uja. Mmisiri anayang'ana lumolo, nati, "Chitsulo chabwino ichi, madala. Ndikuikirani chogwirira cha thabwa langa lauchi lija. Koma mubwere mkucha, lero lapindika."

Mkuchawo mkulu uja atabwera, anapeza anthu ataunjikana. Mmisiri anali pambaula, akuwongola thabwa lija. Ogulitsa tomato anasiya tomato wawo, anyamata a njinga anaimika njinga zawo. Njerwa zitachotsedwa, thabwa linatuluka lowongoka bwinobwino, anthu n'kuwomba m'manja. Wina anafuula kuti, "Amisiri awa ndi patali!" Mmisiri anamwetulira mpaka mano onse panja. Kuchekako anati adzachita mawa, pakuti tsikulo anali atatopa.

Mawa lake thabwa linali litapindikanso. Analiwongolanso, anthu anawombanso m'manja. Zinapitirira choncho sabata ndi sabata, ndipo kunena zoona mmisiriyu sankadandaula. Kupindika kwa thabwalo ndiko kunkamubweretsera gulu.

Tsiku lina anthu atabalalika, mkulu wometa uja anatsala. Anati, "Mwana wanga, thabwali silikulakwa. Likupsa ndi malatawa. Ukaliwongola uziligoneka mkati, pamthunzi."

Mmisiri anaseka. "Mkati alione ndani, madala? Anthu adziwa bwanji kuti pano pali mmisiri? Malo ake ndi amenewa. Lizolowera."

Atatero ananyamula thabwa lija, litangozizira kumene, n'kulitsamiritsa pa malata omwe aja mkuluyo akuona.

Silinazolowere. Moto wa mbaula dzana, moto wa malata masana a dzulo, moto wa mbaula lero: pulasitiki amatopa. Mkati mwa thabwalo munayamba timing'alu tating'ono ngati tsitsi. Kunja linkawalabe, ndipo aliyense wodutsa ankalitama.

Ulusi wa palumo la mkulu uja utayamba kuduka, mmisiri anavomera kucheka. Anawongola thabwa komaliza, anadula timatabwa tiwiri, anatipala bwino, anakhomera chitsulo pakati ndi kamsomali. Lumo linkatseguka n'kutseka mosagunda paliponse. Mkulu uja analandira ndi manja awiri, mtima uli m'malo.

M'mawa mwake munthu woyamba anakhala pampando, thovu la sopo lili kuchibwano. Mkuluyo anakoka lamba n'kuyamba kunola. Atangokankha lumo kachiwiri, chogwirira chinati thyo, pa kamsomali penipeni. Chitsulo chinauluka n'kukagwera pamwala. Chinaduka pakati.

Anatola zidutswazo, napita nazo kushedi kuja zili m'chikhatho. Sanakalipe. Anangotambasula dzanja.

Mmisiri anapukusa mutu ngati womva chisoni. "Pepani madala. Thabwa lija linali loipa chibadwire. Kodi ine ndinaliwongola kangati? Anthu onsewa ndi mboni zanga."

Ndipo anthu anavomerezadi. Anati mmisiri anayesetsa, munthu wopirira ngati ameneyu sapezeka, thabwalo ndilo linali losamva. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula malata. Chitsulo chotere sichinkagulitsidwanso kulikonse, ndipo mkulu uja sanametenso munthu. Mpando wake anaunyamula pamutu n'kupita nawo kwawo.

Fanizo langa lathera pomwepo, ndipo ndalinena chifukwa cha inu ankhoswe amene mwakhala pamphasa pano. Mwana wathu Nangozo wabweranso dzulo, diso lotupa, akuyenda chotsimphina. Aka si koyamba, inunso mukudziwa. Akabwera timamuthowa ndi madzi otentha, timamudyetsa, timamulangiza mpaka atagwada n'kunena kuti wamva. Akawongoka mumamuperekeza kunyumba yomwe ija, kwa mwamuna yemwe uja, amene simunamufunsepo ngakhale funso limodzi lolimba. Pobwerera mumayenda chifuwa patsogolo, anthu akukutamani kuti mumadziwa kumanga mabanja.

Zimandipweteka, ndipo lero sindibisa. Mwati malo a mkazi ndi kubanja kwake, azolowera. Mwati akakhala kuno anthu atiseka. Ine ndamusambitsa mwanayu m'mawa uno, ndaona zimene chitenje chikubisa. Inu mwangoona kuti waima bwino ndipo wakupatsani moni mwaulemu.

Ngati mwatsimikiza zomuperekezanso mawa, pitani nokha, ine phazi langa silipondako. Koma tsiku limene adzabwere kuno atamunyamula anthu anayi, musadzaime pamanda n'kuuza ana ake kuti munayesetsa.