Mvukuto wa a Kadzuwa

Loweruka lija pakhonde la nyumba ya malemu atsibweni anga panali anthu awa: Filesi ndi amuna ake, Yobu wa ku tauni, Edina ndi ana ake awiri, ndi Tiyese amene anafika nkhani ili pakati. Sanabwere Gelisomu, akuti matola anavuta. Sanabwere Velonika, iye sanatumize ndi uthenga womwe. A kwa Kadzuwa sanabwere ndi mmodzi yemwe, chifukwa palibe anawaitana. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma ndalemba zimene ndinanena tsikulo kuti amene kunalibe asadzati sitinamve. Yobu wapeza munthu wofuna kugula chibokosi chija chili m'kachipinda. Ndinamuuza kuti ayambe wakhala pansi, amve.

Kalekale, mudzi uno usanaone waya wa magetsi, munali munthu wina dzina lake a Zakeyu, mlongo wawo wa amayi anga. Anakhala ku Halale zaka khumi ndi chimodzi, akugwira ntchito kwa mzungu wokonza mawayilesi. Anzawo pobwerako ankabwera ndi njinga, ena makina osokera. Iwo anabwera ndi chiyani? Mabokosi awiri achitsulo, kajenereta, ndi chikalata cha boma chowaloleza kulankhula pa wayilesi ya ova-ova. Anadzika mtengo wautali kuseri kwa nyumba, pamwamba pake nkumangapo zitsulo zonga minga ya nsomba. Kuyambira pamenepo dzina la Zakeyu linatha, aliyense ankati a Mlongoti.

Ankatiuza kuti mawu a wayilesi ya mtundu umenewo sakhota, amayenda molunjika ngati mmene maso amaonera. Tsono pakati pa ife ndi ku boma pali phiri la Msendeza. Bokosi laling'ono palokha silinkatha kulumphitsa mawu paphewa la phirilo. Nchifukwa chake panali bokosi lalikulu, lokuzira mphamvu, limene iwo ankati ampulifaya, ife nkumati chibokosi. M'kati mwake munali babu imodzi yokha, kukula kwake ngati chibakera, pansi galasi, pamwamba chipewa chachitsulo. Babu imeneyo inali ndi malamulo awiri. Loyamba, ukaiyatsa uidikire mphindi zitatu itenthe, usanalankhule kanthu. Lachiwiri, kafani kakang'ono kaziiuzira mphepo osalekeza, apo ayi ing'aluka. Ndipo ina yonga iyo kunalibe, kuchokera pano mpaka ku Halale.

Atsibweni anali munthu wodziwa zinthu, koma pakamwa pawo panali posasamala. Tsidya la njira iyi pankakhala a Kadzuwa, wosula makasu. Ndi iwowo amene anasula zitsulo zonse zogwiriziza mlongoti uja. Tsiku lina pamowa, anthu ali gwirigwiri, a Kadzuwa anapempha kuti akaoneko mmene chibokosi chimagwirira ntchito. Atsibweni anaseka.

"Mukaonamo chiyani, achimwene? Inu mphepo yanu imachokera m'chikopa cha mbuzi. Yanga imachokera ku Halale. Muzikaomba mvukuto wanu uko, muno mungandidetsere ndi mwaye."

Anthu anaseka. A Kadzuwa anaika chipanda pansi, nkunyamuka. Panapita zaka ziwiri, anthu oyang'anizana makomo osapatsana moni.

Tsono inafika February wa chaka chimene ndinabadwa ine. Amayi anakandiberekera kuchipatala cha ku boma, ndipo tsikulo ankabwerera kuno pa lole, ine ndili ndi masiku asanu ndi limodzi. Lole inali imodzi yokha, inkanyamuka 2 koloko masana Lachisanu lililonse. Mvula inali itagwa kumapiri masiku atatu. Akazi awo a atsibweni, aNagama, anatsikira kumtsinje wa Namphinda dzuwa lili pamutu, nkupeza mlatho palibe. Panatsala mizati iwiri, madzi ofiira akudutsa pamwamba pake.

Inu mwauyenda msewu uja ataukonza. Kale unkatsika phiri ngati munthu akugwa, ndipo mlatho unkaoneka ukangokhota pathanthwe paja, utafika kale. Lole yodzadza, matope ali thapsa, ikanaima bwanji? Mukuti bwanji sanaoloke kukaiimitsa? Akanaoloka ndani madzi amenewo? Mukuti bwanji sanakuwe? Akanakuwira yani, poti tsidya linalo kunali nkhalango yokhayokha, mtsinje nawo ukulira ngati chigayo?

ANagama anataya ndowa, nkuthamanga. Anafika wefuwefu.

"Bambo a Filesi, mlatho wapita. Alamu anga ali pa lole ndi khanda."

Atsibweni anayang'ana wotchi. Kunatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane 2 koloko. Ku boma kunali mnzawo wa ova-ova, a Lifeyo, kalaliki, amene ankatsegula wayilesi yake nthawi yopuma masana, nkuitseka 2 koloko pobwerera kuntchito. Nyumba yake inali pafupi ndi pamene lole inkaima. Koma atsibweni anali atakhala masabata awiri osayatsa, petulo anali wosowa. A Lifeyo akanakhala akumverabe?

Atsibweni anakoka chingwe cha jenereta, kachiwiri, kachitatu, inalira. Anayatsa kafani. Kanangoti ng'ung'ung'u, kenako fungo la waya wopsa, kautsi tolo. Atachotsa kafaniko anapeza mavu aja omanga ndi matope atamanga nyumba m'kati, mapiko osazungulira. Kanali katapsa.

Anayesa ndi bokosi laling'ono lokha. Anaitana, anaitana. Kenako mawu a a Lifeyo anamveka bwinobwino, poti iwo chibokosi chawo chinali chamoyo.

"Ndikumva ngati pali wina akuyesa, koma kuno kukufika phokoso lokha. Ngati ndinu a Mlongoti, yatsani chachikulu chija. Nthawi yanga yatsala pang'ono. Ova."

Mwaona kuwawa kwake? Munthu ukumumva, iye osakumva.

"Yatsani choncho, popanda fani," anatero aNagama.

"Ing'aluka ndisanamalize mawu. Ikang'aluka ndiye basi."

ANagama anatenga lichero nkuyamba kukupiza.

"Sizithandiza, mayi. Mphepo iyenera kulowa pabowo ili, idutse m'kati."

ANagama anaika lichero pansi. Pomwepo onse awiri anamva, tsidya la njira, fuu, fuu, fuu. A Kadzuwa anali pachipala, akuomba mvukuto. ANagama anayang'ana amuna awo. Atsibweni anayang'ana pansi.

"Sangabwere. Nditanena zija?"

"Munanena ndinu. Ndikapempha ndine."

Anapita. Anakagwada m'makala momwemo, nkunena zonse. A Kadzuwa anasiya khasu lofiira pamwala, nkuzula mvukuto, matumba awiri a chikopa cha mbuzi ndi mphuno yake yadothi. ANagama ankati mtima unkafuna kuwachoka poona mmene bamboyo ankayendera, osathamanga, osafulumira. Atafika pakhomo la kachipinda anaima.

"Odi. Ndamva kuti mphepo ya ku Halale yatha. Koma ndili ndi mwaye, ndilowe?"

"Lowani, achimwene," anatero atsibweni. "Khalani pathabwa louma ili. Musakhudze chitsulo chilichonse, muli magetsi opha munthu. Mphunoyo ndi yadothi yokhayokha?"

"Ndinaumba ndekha."

Analowetsa mphunoyo pabowo la fani, aNagama nkutseka m'mbali ndi mpango wawo wa kumutu. A Kadzuwa anayamba: dzanja ili pansi, ili m'mwamba, ili pansi, ili m'mwamba. Atsibweni anaika chikhato pamwamba pa chibokosi patali pang'ono, anamva mphepo ikutuluka. Anayatsa babu. Kunatsala mphindi zinayi.

Mphindi zitatu, ana inu, mukuziona ngati zochepa. Pa foni zanu zimatha musanapereke ndi moni. Koma khalani m'kachipinda, jenereta ikulira, mlongo wanu ali pa lole, mukuyang'ana muvi wa wotchi ukukwawa.

Mphindi yoyamba inatha. ANagama anati, "Yatentha, lankhulani."

"Sinatenthe."

Mphindi yachiwiri inatha. Thukuta linkagwera pa wotchi, atsibweni nkumapukuta ndi chala. Pomwepo a Lifeyo anamvekanso.

"Chabwino, a Mlongoti, kapena mawa. Lole yanu ija yaliza kale injini, ndikuimva panja apa. Ndikutseka tsopano."

ANagama anagwira cholankhulira chija nkuchikankhira m'manja mwa amuna awo. "Bambo a Filesi, chonde. Akutseka." Chala cha atsibweni chinafika pa batani. Kunatsala theka la mphindi. Amene anawaletsa mukuganiza anali ndani?

"Dikirani," anatero a Kadzuwa, manja osaleka. "Munati zitatu. Inenso sindimenya chitsulo chisanafiire, ngakhale mwini khasu alire."

Anadikira. Wayilesi inali siii. Muvi utafika, anadina.

"Lifeyo, Lifeyo, ndine Zakeyu. Ova."

Zii.

"Lifeyo, ndine Zakeyu, musatseke. Ova."

Zii. Babu inayamba kununkha kutentha. Atsibweni anati ombani kwambiri, a Kadzuwa nkuwonjezera. Kachitatu anaitana. Ndiye mawu aja anabwera.

"Aa, mwadzuka? Ndimavala jekete, dzanja linali pa switchi. Lero mukumveka ngati muli m'chipinda muno. Ova."

Pomwepo thumba limodzi la mvukuto linati phwaa, msoko unang'ambika. Chikopacho chinali chakale, cha bambo awo a a Kadzuwa, ndipo chinali chisanaombedwepo mwaliwiro lotero. A Kadzuwa anapanikiza thumba long'ambikalo ndi bondo kuti mphepo isathawire kumeneko, nkugwira lotsalalo ndi manja awiri.

"Lankhulani msanga, bambo. Latsala limodzi."

"Mlatho wa Namphinda wakokoloka. Imitsani lole. Mlatho wa Namphinda palibe. Imitsani lole. Ova."

Yankho silinabwere. Anangomva kugwa kwa mpando, kenako siii. Anamva, kapena sanamve? Lole inali itapita, kapena inali pompo? Palibe ankadziwa. Atsibweni anazimitsa magetsi akulu aja, koma anati babu isasiyidwe yotentha, ndiye a Kadzuwa anapitiriza kuomba ndi thumba limodzi mpaka babu inazizira. Atatuwo anakhala mmenemo osayang'anana. ANagama ankati anapemphera mapemphero onse amene ankawadziwa, nkuyambiranso.

Patapita pafupifupi theka la ola, a Lifeyo anamvekanso pa wayilesi akupuma movutika. Lole anaipeza itachoka. Anaithamangira pa njinga, nkukaipeza kumsika, dalaivala ataima kuti akweze matumba a mchere. Munali anthu makumi awiri ndi atatu. Wa makumi awiri ndi anayi ndinali ine, m'nsalu. Yobu, Edina, Tiyese, ndi iwe Gelisomu wa matola ovuta, nonse ana anga munali m'nsalu imeneyo.

A Kadzuwa atanyamuka, atsibweni anawagwira mkono.

"Usiyeni mvukutowo, ndiusoketsa. Ndikupatsani zikopa ziwiri za mbuzi. Ndipo Lamlungu ndikaimirira kutchalitchi, ndikanena kuti anaimitsa lole ndinu."

"Mwanena ndinu," anatero a Kadzuwa, nkumapita.

Lamlungu linafika. Abusa anaitana a Mlongoti kutsogolo, amayi akulu akulu nkululutira, amuna nkuomba m'manja. Anawafunsa kuti munatha bwanji. Atsibweni anati, "Ndi makina a ku Halale amenewo." Nkukhala pansi. A Kadzuwa anali pa benchi yachitatu kuchokera kumbuyo. ANagama anawaona akutuluka nyimbo isanathe.

Zikopa zija atsibweni ankati pa Khirisimasi. Khirisimasi itafika anati mbuzi zawonda. A Kadzuwa sanafunsepo. Anapha mbuzi yawo, nkusoka mvukuto wina. Anamwalira ine ndili namwali. Atsibweni anapita kumaliro, anakhala kumbuyo, sanalankhule. Chaka chimene iwo ankadwala anandiitana, nkundilozera padenga la kachipinda pamene anapachika mvukuto uja. Anati, "Nambewe, ichi ndalephera ine. Manyazi anakula nkundipitirira msinkhu." Ndinawalonjeza kuti ngongoleyo ndidzabweza ine. Nanenso ndakhala ndikuti chaka chamawa, ndipo tsopano miyendo yatupa, usiku wa mawa sindikuudziwa.

Mumadabwa kuti bwanji pakhomo pano mwana akabwera ndi nkhani yotentha timati khala pansi, dikira mphindi zitatu. Zinachokera m'kachipinda kaja, ndipo mwazisunga bwino. Koma china chija mwachiiwala. Munthu amene ntchito yake ukuiona ngati yamwaye usamutsekere khomo, ndipo akakugwira dzanja umutchule dzina anthu akumva, tsiku lomwelo, manyazi asanamere mizu.

Chibokosicho Yobu agulitse, babu yake inafa kalekale ndipo sindidzalira. Koma chisanatuluke pakhomo pano, zotsala ndi izi. Mvukuto wa a Kadzuwa, thumba limodzi long'ambika, uli padenga, sunabwezedwe. Zikopa ziwiri za mbuzi sizinaperekedwe. Mpango wa aNagama unapserera m'mbali, koma umenewo ndi wa m'nyumba, ndaukhululuka. Mawu aja kutchalitchi sananenedwe. Mdzukulu wa a Kadzuwa, a Sitolo, amawotcherera zitsulo pamsika, ndipo amakhala benchi yomweyo yachitatu. Mbuzi ndipereka ine, ziwiri zakuda zija. Kusoka asoketse Tiyese. Woimirira Lamlungu ndine, koma sindingaime ndekha, ndiye Gelisomu ndi Velonika mubwere mudzandigwire uku ndi uku.