Zaka Zisanu Zimene Mwandida Anabisa

Panali mtsikana wina, dzina lake Mwandida, amene anamaliza maphunziro a zamagetsi m'chaka choipa. Tsiku limene ankavala mkanjo wa digiri, mafakitale anali akutseka zipata. Anayenda ndi makalata ofunsira ntchito mpaka nsapato zinatha zidendene, ndipo paliponse alonda ankamubweza asanamalize n'komwe kupereka moni.

Atatopa, anakapempha malo kwa bambo Nkhwazi, mkulu wina amene ankakonza mamota a zigayo m'kashedi kuseri kwa msika. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Malipiro ake anali ongogulira sopo. Anakhala pamenepo zaka zisanu, kumasula mamota opsa, kuchotsa waya wakale ndi kukulunga watsopano. Mkuluyo sankalola munthu kugwira sipanala asanamvetsere kaye kulira kwa mota, choncho Mwandida anazolowera kuzindikira matenda ake ndi khutu. Koma manyazi ankamudya. Akaona mnzake wa kusukulu akudutsa, ankabisala kuseri kwa chitseko.

Kenaka zinthu zinayamba kusintha. Fakitale ina yoyenga mafuta ophikira inatsegulanso n'kuitana anthu. Apa m'pamene Mwandida anaonera kuipa kwa chaka chake. Mabwana ankakonda ana ongotuluka kumene sukulu, ndipo amene anadikira zaka ankaoneka ngati ndiwo zogona. Amalume ake anamulangiza kuti za kushedi asalembe m'kalata, poti munthu wophunzira satchula zigayo pamaso pa mabwana. Anali malangizo achikondi, koma opusa. Iye anamvera.

Tsiku lofunsidwa mafunso, mayi wina mwa mabwanawo anayang'ana kalatayo n'kufunsa kumene Mwandida anali zaka zisanu zonsezo. Iye anayankha kuti anali kunyumba. Mayiyo anati ngati angamulembe, adzayambira pansi penipeni, pansi pa ana atsopano aja, chifukwa zimene anaphunzira zinachita kale dzimbiri. Mtima unamuwawa kwambiri.

Ali chikhalire, Mwandida anamva mota yaikulu kuseri kwa khoma ikulira mobuula. Kulira kumeneko ankakudziwa. Waya mmodzi mwa atatu amene amayendetsa mota yotere anali atasiya kubweretsa magetsi, ndipo pakanangopita mphindi zochepa motayo ikanapsa. Anadziwanso kuti kutuluka pamaso pa mabwana osatsanzika n'kutaya ntchito ndi manja ako. Anadzuka basi. Anathamangira m'chipinda cha makina, ndipo poona kuti woyendetsa makinawo akungomuyang'ana kukamwa kuli yasa, anazimitsa motayo yekha. Fakitale yonse inangoti zii.

Mabwana anafika atakwiya. Koma atatsegula bokosi la magetsi, anapezadi fyuzi ya waya mmodzi uja itaduka, mota ikutentha moti munthu sakanaikhudza. Ikanapsa, ina ikanachokera kunja kwa dziko, ndipo anthu onse akanakhala miyezi osagwira ntchito.

"Mwadziwa bwanji zimenezi, achemwali?" anafunsa mayi uja.

"Pepani amayi, ndinanama. Sindinali kunyumba. Ndinali kwa bambo Nkhwazi, kukulunga mamota a zigayo."

Mayiyo anamubwezera kalata ija kuti akailembenso, osasiya chaka ngakhale chimodzi. Mwezi wotsatira, Mwandida anakhala woyang'anira makina onse a fakitaleyo, ndipo ana atsopano aja ankaphunzira kwa iye. Malipiro amene anawasowa zaka zisanu sanabwerere, ayi. Koma kuyambira tsiku limenelo ankayenda mutu uli m'mwamba.

Inu amene mukutuluka sukulu chaka chino, ndikukumverani chisoni, pakuti chaka munthu sasankha. Chaka choipa chidzakuchedwetsani, ndipo anzanu obwera m'mbuyo adzayamba akukupitirirani, zimenezo sindikubisirani. Koma kantchito konyozeka kamene mudzapeze, mudzakagwire ndi mtima wonse, makutu ali tcheru. Ndipo tsiku limene adzakufunsani kumene munali, musadzanene kuti munali kunyumba.