Tinenenji ndi Seva Yatsopano

Khalani pansi, ana inu, ndipo mafoniwo muwavundikire patebulopo. Ndatopa nako kudandaula kwanu. Ati gemu ikugwiragwira, ati netiweki, ati seva, ngati kuti mavutowa ayambira pa inu. Pali mwambi wina wonena za mvula umene mumaumva kawirikawiri. Ena adzakuuzani kuti unachokera kwa alimi a makedzana. Asiyeni anene. Ine ndinalipo tsiku limene unatuluka m'kamwa mwa munthu, ku Mponela, ndipo pa nkhaniyo dzanja langa linalipo.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa Chingerezi kusekondale. Pakhomo loyandikana ndi langa pankakhala mayi wina wosoka zovala, dzina lake Tinenenji, koma tonse tinkati mayi a Sungeni potengera mwana wake woyamba. Amuna ake, a Msatero, anali ku Joni chaka chachisanu ndi chimodzi, akuika matailosi m'nyumba za eni ake.

A Msatero sanali munthu woipa, koma pafoni anali chitsa chenicheni. "Muli bwanji kumeneko? Ana ali bwanji? Chabwino, tionana." Basi, foni yatha. Tinenenji ankatsala ali chigwirire foniyo, nkhani zonse za sabata zikadali m'kamwa. Anandiuza yekha kuti ankaopa kuti banja lake lidzazima popanda wolizimitsa.

Ndiye kunabwera gemu ina ya pa intaneti ya mpikisano wa ngolo. Ankasewera awiriawiri. Wina ankayendetsa ng'ombe, mnzake n'kumagwira zingwe za katundu kuti matumba asagwe pokhota, ndipo awiriwo ankamvana mawu. A Msatero anaiona kwa anzawo a kuntchito, n'kuuza akazi awo kuti aiike m'foni. Lamulungu lililonse masana, akaweruka kutchalitchi, ankakumana m'menemo.

Apa ndi pamene panali chodabwitsa. Manja a Msatero akatanganidwa ndi ng'ombe, pakamwa pawo pankamasuka. Ankanena za dzino limene linkawasautsa, za kuzizira kwa mu Juni, za bwana wawo wokonda kukuwa, ngakhale za malemu mayi awo amene anawalota. Maola atatu athunthu! Ine ndili kuseri kwa mpanda ndinkamva Tinenenji akuseka ngati namwali.

Koma gemuyo inali ndi nthenda imene mukuidziwa. Seva yake, ndiye kuti makina aakulu amene amasunga gemu yonse, inali kutali, kutsidya kwa nyanja. Tinenenji akadina kuti amange chingwe, uthengawo unkayamba wapita kumeneko n'kubwerako. Ku Joni zinkayenda bwinoko, koma kuno chithunzi chinkaima, ng'ombe mwendo uli m'mwamba, ndipo chikamadzayambiranso, ngolo inali itakhota kalekale.

"Mayi a Sungeni," ankatero a Msatero uku akuseka, "matumba athu ali mumtsinje, inu mukadali kufunafuna chingwe!"

"Si ine, bambo a Sungeni, ndi seva!"

Nayenso ankaseka, koma mumtima zinkamuwawa. Ankati tsiku lina bambowa adzatopa ndi kugonja, adzapeza wina wa manja achangu, ndipo Lamulungu lake lidzathera pomwepo.

Eni gemu analengeza katatu kuti akonza seva. Katatu konse ankatseka gemu tsiku lonse, kenako n'kutsegula ndi nyimbo zatsopano, ng'ombe atazipaka mitundu ina, ngolo zikunyezimira. Koma kugwiragwira kunali pomwepo. Anthu anafika posiya kukwiya, ankangopukusa mutu.

Tsiku lina Tinenenji anabwera kwathu, tepi yoyezera ikadali m'khosi.

"Aphunzitsi, inu Chingerezi ndi chanu. Mundilembere kalata."

"Yopita kuti?"

"Kwa eni gemu. Muwauze kuti nafenso ndife anthu. Atiikire seva kuno kwathu, pafupi, kuti zogwiragwirazi zithe."

Ine ndi mtima wanga wokonda kuonetsa sukulu, ndinalemba. Ha, inali kalata! Ndinaikamo mawu aatali oti iwo omwe akatsegule dikishonale. Yankho silinabwere. Ndinalemba ina mwezi wotsatira. Zii. Pamenepo Tinenenji anayamba kusonkhanitsa mayina a osewera anzake. Analemba akabaza, anamwino a kuchipatala, ometa tsitsi, mpaka mkulu wina wa mpingo amene anapempha kuti dzina lake lilembedwe mwa zilembo zing'onozing'ono. Anakwera minibasi kupita ku Madisi, ku Dowa ndi ku Kasungu, makina ake osokera atafunda nsalu. Anaonda mayi uja. Akabwerako ankangokhala pakhonde langa, mapazi atatupa, n'kunena kuti, "Lembaninso, aphunzitsi."

Patatha chaka ndi miyezi iwiri, yankho linabwera. Anati amva kulira kwathu, seva aiika ku Lilongwe, ndipo idzayamba kugwira ntchito Lamulungu lachiwiri la Disembala.

Chaka chimenecho dzuwa linatiotcha koopsa. Zitsime zinaphwa, anthu ankagona pakhonde, ndipo m'matchalitchi ndi m'mizikiti pemphero linali limodzi, la mvula. Inadzagwa Lachisanu, seva n'kutsegulidwa Lamulungu. Anthu anati zabwino zabwera pamodzi.

Tinenenji anavala chitenje chatsopano, ngakhale kuti m'gemumo munthu saoneka. Anandiitana kuti ndidzaonerere, ine n'kukhala pampando pambali pake. Atayesa yekha kaye, eee, zinali ngati wathira mafuta. Akadina, chingwe chinkamangika nthawi yomweyo. Anaimirira n'kuvina pang'ono, foni ili m'manja.

Kenako analemba dzina la amuna ake kuti awaitane. Silinapezeke. Analembanso, pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi. Silinapezeke. Anaimba foni.

"Bambo a Sungeni, simunalowe?"

"Ndalowa kalekale. Ndikudikira inu."

"Inetu ndili momwemo."

"Nanga bwanji sindikukuonani?"

Anandipatsa foni kuti ndione. Pansi pa chilengezo cha seva yatsopano chimene chinali m'gemumo, pamene palibe amene amawerenga, panali mizere itatu ya Chingerezi. Inkati pofuna kuthetsa kugwiragwira, kuyambira tsikulo aliyense azisewera pa seva yoyandikana naye. A ku Malawi paokha, a ku Joni paokha, ndipo palibe kuwoloka. Ana inu, ndamasulira zinthu zambiri pamoyo wanga, mpaka uthenga wa maliro, koma mizere itatu imeneyo inandilemera lilime.

"Akuti chiyani, aphunzitsi?"

Ndinamuuza. Sanalire. Anangokhala pansi, n'kuvula mpango kumutu, n'kuupinda bwinobwino pamwendo.

Tinalembanso kalata, yopempha kuti atsegule njira ya anthu awiri okha. Ulendo uno anayankha msanga. Anathokoza kwambiri chifukwa cha khama la mayi Tinenenji, n'kunena kuti zimene achitazo ndi zimene osewera a ku Malawi anapempha, mayina awo ali nawo.

Ndipo musaganize kuti ena onse anakondwa kwa nthawi yaitali. Mbiri itamveka kuti gemu ya ngolo tsopano ikuthamanga, anthu anakhamukirako ngati kumsika wa kaunjika belo likangotsegulidwa. Mwezi usanathe seva ya ku Lilongwe inadzaza, ng'ombe zinayambanso kuima mwendo uli m'mwamba. Akabaza aja akamadutsa pashopu ya Tinenenji ankakuwa kuti, "Mayi, lembaninso kalata!" Iye ankangoweramira pamakina ake.

Lamulungu lina la mu Januwale anandipempha kuti ndimuperekeze pachulu cha kuseri kwa msika, pamene foni inkamveka bwino. Anati akufuna ayese kucheza ndi amuna ake pafoni wamba, mwina tsopano azolowera kulankhula. Mvula inali ikuwaza, ine ndinagwira ambulera. Foni inaitana kanthawi ndithu.

"Ee, mayi a Sungeni. Kuli bwanji? Ana ali bwanji?"

"Ali bwino. Ndimati ticheze pang'ono."

"Pepani, tili pakati pa mpikisano. Ndili ndi a Jere, a ku Mzimba, timagwira limodzi. Ndikuimbirani."

Anaiwala kudula. Tinamva tonse awiri, pansi pa ambulera ija, a Msatero akuseka n'kuyamba kufotokozera a Jere nkhani yaitali ya mbuzi imene inawathawa ali mwana. Tinenenji anamvetsera mpaka pakati, chifukwa nkhaniyo anali asanaimvepo. Kenako anadula yekha.

Pobwerera tinadzera mumsika. Njira yonse inali phala. Pafupi ndi amayi ogulitsa tomato, mwendo wake unatitimira, ndipo poutulutsa nsapato inatsalira pansi. Mayi wina anati, "Pepani, mayi a Sungeni, mvulayi yatinyansa." Tinenenji anaima ndi mwendo umodzi atagwira phewa langa, akuyang'ana dzenje limene munalowa nsapato.

"Musainyoze," anatero ndi mawu otopa. "Tinkailira tokha. Walira mvula, walira matope."

Amayi aja ankaganiza kuti akunena za njira. Ine ndekha ndinadziwa. Koma mawuwo anawakomera, anawatola, ndipo pofika nthawi yokolola anali atafika kale ku Kasungu. A Msatero anapitiriza kusamala pakhomo ngati kale, sindingawanamizire, koma nkhani zawo Tinenenji sanazimvenso.

Ndiye mwambiwo ndi umenewo: walira mvula, walira matope. Sukunena kuti mvula ndi yoipa, ayi, popanda iyo tonse tingafe. Sukunenanso kuti muzingokhala chete zinthu zikamavuta. Ukunena kuti chinthu chimene ukupempha sichibwera chokha. Chimabwera ndi anzake amene sunawaitane, ndipo pofuna malo okhala chimasuntha zina zimene zinalipo kale. Choncho musanakweze mawu kuti tipatseni chakuti, yambani mwafunsa kuti chikafika chidzachotsa chiyani, ndipo ngati mungathe kukhala popanda chimenecho. Ine ndinalemba makalata khumi ndi anayi, m'Chingerezi chosalala, ndipo funso limenelo munalibe ngakhale m'kalata imodzi.