Belu la Nyenga ndi Ulendo wa Nkhono

M'nkhalango ya Mlombwa munali kampani ya nyama yotchedwa Tipulumuke, ndipo cholinga chake chinali chimodzi: nyama iliyonse ipulumuke ku moto wolusa wa m'chilimwe. Gulu lokonza zipangizo pakampanipo linkatsogoleredwa ndi Nyenga, yemwe sankadutsa dzenje osasuzumiramo, ndipo ukamuyankha funso limodzi ankakubwezera mafunso atatu. Pansi pake panali Kangaude, katswiri wa mawaya wokonda zokongola mpaka kuiwala kudya, ndi Gologolo, amene ankayamba kuthamanga asanamve komwe akumutuma. Udzu unali utayamba kale kuuma, ndipo atatuwa ankafunika kumaliza chipangizo chawo moto usanabuke.

Chipangizocho chinali kabelu koyendera mphamvu ya dzuwa, kokoloweka mumtengo. Kakangonunkhiza utsi kankalira, ndipo nyama zinkayenera kuthawira kumtsinje. Kangaude anakalukira ulusi wonyezimira m'mbali monse, moti ukakaona patali umayesa mkanda wa mkwatibwi.

Tsiku loyesa kabeluko, Gologolo anazungulira nkhalango yonse m'mamawa akulengeza kuti aliyense afike ku ofesi dzuwa likafika paliwombo. Anabwera Gwape, Mbawala, Nguluwe ndi banja lonse la Nkhanga. Anayatsa kamoto patali, belu linalira, ndipo onse anafika kumtsinje moto usanawayandikire n'komwe. Gologolo anavina mpaka mchira unatsala pang'ono kuthothoka.

Nyenga yekha ankangoyang'ana mapazi omwe anatsala pafumbi.

"Anzanga, mwaona mapazi awa?" anafunsa. "Onse ndi a miyendo itaiitali, kapena a eni mapiko. Enawo ali kuti?"

"Aaa, achemwali, inunso ndi mafunso anu!" anatero Gologolo. "Uthenga ndinafikitsa khomo lililonse. Amene sanabwere ndiye kuti alibe nazo ntchito."

Nyenga sanakhutire, koma anzake anali osangalala ndipo iye anachita manyazi kuwasokoneza. Apa ndi pomwe analakwa, ndipo sindimuikira kumbuyo. Kwa masiku anayi gulu lonse linali kalikiliki kupukuta mabelu, kuwalongedza m'madengu ndi kukonzekera phwando lowakhazikitsira.

Tsiku lachinayi kunamveka mawu aang'ono pakhomo. "Odi kuno!" Atatsegula anapeza Nkhono, fumbi lili mbuu pachigoba, atatoperatu.

"Ndabwera ku zoyesa belu zija," anatero mwaulemu. "Kaya ndachedwa pang'ono?"

Gologolo anaseka mpaka kugwa chagada. Koma Nyenga anagwada pansi kuti maso ake alingane ndi a mlendoyo.

"Mayi, munanyamuka liti kunyumba?"

"Nthawi yomweyo achimwenewa atangolengeza. Sindinatseke ndi chitseko chomwe."

"Nanga kuchokera kwanu kukafika kumtsinje mumayenda nthawi yaitali bwanji?"

"Masiku awiri, ngati dzuwa silikuwomba kwambiri."

Nyenga anatembenukira kwa Kangaude. "Belu lathu limalira moto uli patali bwanji?"

"Utatsala ola limodzi kuti ufike," anayankha Kangaude, mawu akutsika.

Nkhono anayang'ana kabelu kali padengu, n'kukayamikira ndi mtima wonse. "N'kokongola zedi, mwagwira ntchito. Ife oyenda pang'onopang'ono kazitithandiza kudziwa kuti nthawi yotsanzikana yakwana." Sanali kunyoza ayi, ankangothokoza, ndipo chimenecho ndi chomwe chinamupweteka Nyenga koposa.

Tsiku lomwelo Nyenga anapita kwa Ngoma, mkulu wa kampani, kukapempha kuti phwando liyambe laima. Ngoma anapukusa nyanga zake zopiringizika. "Nyama zonse zomwe zinayesa zinapulumuka. Mukufunanso chiyani?"

"Bwana, tinayesa okhawo omwe anatha kufika," anatero Nyenga. "Pakhomo pathu tinalemba kuti nyama iliyonse. Ngati tikutanthauza othamanga okha, tiyeni tikafufute mawuwo lero."

Ngoma anaganiza kwa nthawi, kenako anamupatsa sabata zitatu. Anamuchenjezanso kuti moto sudzadikira sabata zakezo.

Nyenga atabwerera anauza gulu lake kuti onse aperekeze Nkhono kwawo, ndipo palibe wololedwa kumupitirira. Kwa Gologolo chimenechi chinali chilango choposa ndende. Anakwera mtengo n'kutsika, anawerenga masamba ake, anagona tulo n'kudzuka, koma Nkhono anali asanadutsebe muzu wa mtengo womwewo.

Nyenga ndiye anali pa ukwati, pakuti mafunso ake anapeza wowayankha mosafulumira. Anafunsa chifukwa chomwe Nkhono ankazungulira mchenga m'malo moudutsa, ndipo anamva kuti mchenga wotentha umamuuma thupi. Anafunsa za anansi ake, ndipo anamva za Bongololo, Bilimankhwe ndi Fulu, omwe mwina anali adakali m'njira kupita ku zoyesa zomwe zija. Kenako anafunsa funso lomwe linkamusowetsa mtendere.

"Mayi, moto wa zaka zonsezi mwaupulumuka bwanji?"

"Ife sitithawa, mwanawe, timalowa pansi," anatero Nkhono. "Amene ali pafupi ndi dzenje lonyowa amakhala ndi moyo. Amene ali kutali timawalira mvula ikagwa. Kumtsinje mukunenako, ine chibadwire ndafikako kawiri."

Kangaude anaima chilili, miyendo yonse isanu ndi itatu. "Ndiye kuti mtsinje si yankho lawo," anatero. "Akufunika dzenje lapafupi, ndi kumva msanga." Kenako anafunsa yekha, nthawi yoyamba pa moyo wake: "Kodi moto umayambira kuti?"

"Kuphiri, komwe anthu amatentha tchire posaka mbewa," anayankha Gologolo. "Ndinauonapo. Umatenga pafupifupi tsiku kuti utsike kuno."

"Bwanji sunanene?" anafunsa Nyenga.

"Palibe anandifunsa. Ndipo kwa ine tsiku ndi ola n'chimodzimodzi, ndimathawa basi."

Ntchito inayambiranso. Kangaude anamasula ulusi wake wonyezimira uja, mtima ukumuwawa, n'kuulumikiza kukhala waya wautali wochokera kuphiri, kuti belu la kumeneko likalira, onse a m'nkhalango alire nthawi yomweyo. Nyenga anayenda ndi Nkhono kuyeza mtunda womwe angathe pa theka la tsiku, ndipo anakhoma zikhomo zisanu posonyeza pokumba maenje othawiramo. Gologolo ndi Mfuko, yemwe kampani inamulemba ganyu, anayamba kukumba, ndipo dzenje lililonse linkawatengera masiku atatu.

Anamaliza maenje anayi. Tsiku lomwe ankati ayambe dzenje lachisanu, mabelu onse analira m'mamawa, kumwamba kuli mbee, utsi usanaoneke n'komwe. Othamanga anapita kumtsinje mosatekeseka, ena akudya udzu m'njira. Oyenda pang'onopang'ono anayamba ulendo wawo, aliyense kulunjika dzenje lake, ndipo chakumadzulo moto unadutsa ukulilima.

Kutacha, atatu aja anathamangira kudzenje loyamba, phulusa likadali lofunda. Panalibe chogwedera. Gologolo anafuna kukumba, koma anadzigwira yekha, n'kukhala pansi kudikira. Dzuwa litakwera ndithu, timinyanga tiwiri tinatulukira, kenako Nkhono yense, ndipo pambuyo pake panatsatira Bongololo, Fulu, Bilimankhwe ndi ena ambirimbiri omwe a kampaniwo anali asanawaonepo. Gologolo analira mosabisa.

Nkhono anawathokoza mmodzimmodzi. Atamaliza anafunsa ngati wina waona mkulu wake, yemwe ankakhala kumadzulo kwa nkhalango, kufupi ndi chikhomo chachisanu.

Nyenga anapita yekha. Anapeza chikhomo chitapserera, ndipo patsinde pake panali chigoba chopanda kanthu. Mkulu wa Nkhono anamva belu pa nthawi yake, anayenda mtunda wake wonse, ndipo anafika ndithu pamalo pomwe anauzidwa kuti padzakhala dzenje. Nyenga anakhala pansi paphulusapo, nthawi ino wopanda funso, chifukwa ankadziwa kuti dzenjelo linkafuna masiku atatu okha, ndipo iye anataya anayi akupukuta mabelu.

Phunziro: Ukamakonzera anthu chinthu, usangomvera okhawo omwe afika kudzachiyesa, chifukwa ochisowa kwambiri nthawi zambiri amakhala akadali m'njira. Ndipo mtsogoleri akaona chomukayikitsa, afunse tsiku lomwelo, ngakhale anzake ali pakati pa kuvina.