Penti Wofiira wa a Mapu

Chitinicho anachitsegulira m'shedi ya alamu awo, pa benchi yopalirapo matabwa, pakati pa utuchi ndi timisomali topindika. Penti wake anali wofiira psu, wolemera, wa fungo lachilendo. Anabwera naye kuchokera kutsidya kwa nyanja, kumene anakhala zaka makumi atatu ndi ziwiri akusanja mabuku a eni m'mashelefu a eni, ndipo pa katundu yense amene anabwerera naye, chitini ichi ndicho anachisunga ngati dzira.

Anthu ankawatcha a Mapu, chifukwa chibwerereni sankayenda opanda chipepala chopindapinda m'thumba la jekete, ngakhale popita kokagula mchere. Dzinalo silinkawapweteka. Chinkawapweteka ndi chimene maso awo anapeza. Nkhalango imene anaisiya ikuchita mdima dzuwa lili paliwombo tsopano inali ngati mutu wa munthu wodwala chipere. Mitsinje imene ankasambamo inali mizere ya mchenga, ndipo anthu ankayenda m'bwinja limenelo akuseka, ngati palibe maliro. Chotsala chinali mzere umodzi wa mitengo ikuluikulu, mibawa ndi milombwa, yotsata njira yakale yoyambira kuseri kwa sukulu, kukwera chitunda, kudutsa midzi itatu mpaka kukafika ku mathithi. A Mapu anaiwerenga kawiri. Inalipo makumi anayi ndi umodzi.

Nzeru yawo sinali yopusa, tisawanamizire. Kumene anachokerako anaona anthu akuyenda ulendo wautali pa sitima kuti angokayenda pansi m'nkhalango, chikwama kumsana, ndodo m'manja, osasaka kanthu. Anati njira yakaleyo ikhale ya alendo otere. Adzagula zipatso m'midzi, adzagona m'nyumba za anthu, ndipo tsiku lina munthu wamba adzaona yekha kuti mtengo woimirira umadyetsa banja nthawi yaitali kuposa mtengo wogona. Gulu loyamba la anthu khumi ndi anayi ochokera mumzinda linali litavomera kale kubwera Loweruka la sabata yachiwiri. Chotsala chinali kuika zizindikiro kuti mlendo asasochere: mzere wofiira wonga chikhatho pa mtengo waukulu uliwonse, pamsinkhu wa maso, kuti munthu akaima pa uwu aziona winawo.

Mlongo wawo wamng'ono analowa m'shedimo ndi makapu a tiyi. Anali mayi woweta njuchi, ming'oma yake ili m'nkhalango momwemo, ndipo zaka zonse zimene a Mapu ankawerenga za mitengo, iye ankagwa nayo m'minga. Ataona mtundu wa pentiyo anaika makapu pansi, kenaka anafotokoza. Chaka chilichonse mvula ikatha, anthu a ku ofesi ya nkhalango amabwera ndi burashi, n'kupaka chofiira pa mitengo imene alola kuti idulidwe, basi n'kumapita. Patapita masabata, ocheka matabwa amafika ndi makina awo. Sanyamula ndandanda, safunsa munthu. Amangotsata chofiira.

"Achimwene, penti uyu musakapake pa mtengo," anatero. "Kuno mtengo ukavala chofiira ndiye kuti wavala nsalu ya kumanda."

A Mapu anaseka kuseka kwa munthu amene wawerenga zambiri. Anati m'mayiko onse amene anthu amadziwa kuyenda, njira yaikulu imakhala yofiira, ndipo iwo sangasinthe dongosolo la dziko lonse lapansi chifukwa cha alebala anayi osadziwa kusiyanitsa mzere wa njira ndi dontho la ofesi. Mzere wawo udzakhala wowongoka, woyezedwa, wakuti ngakhale wakhungu aone kuti wapakidwa ndi dzanja lina.

Alamu awo, mwamuna wa mlongoyo, kalipentala wa nthabwala zosatha, anapukuta puleni pa buluku n'kunena kuti, "Alamu, mukamaliza kupakako mundiuze tsiku. Mlombwa wasowa masiku ano, ndikakhale woyamba pamzere."

Nthabwalayo sinawakomere. Kalipentala ataona nkhope yawo anasiya zoseka, n'kuwapatsa thumba la laimu limene linatsala popaka nyumba. A Mapu anati laimu ndi wa zimbudzi, ndipo mvula yoyamba idzamutsuka. Mlongo wawo anati aunjike miyala m'mbali mwa njira. A Mapu anati miyala ana adzagendera mbalame. Pomaliza kalipentala anati chabwino, pakani chofiira chanucho, koma tiyeni kaye limodzi kwa kapitawo wa ochekawo, ndimamudziwa, timuuze kuti mitengo ya m'njira si yake. Apa ndi pamene a Mapu anaimirira, jekete n'kulikoka.

"Ine ndikagwade kwa anthu amene ameta dziko langa mpala? Ndikapemphe chilolezo kwa fisi kuti mbuzi zanga zidutse? Mchombo wanga uli m'dothi lino. Mitengo imeneyo inandidziwa ine iwowo asanabadwe."

"Inakudziwani, inde," mlongo wawo anayankha akutola makapu. "Koma macheka sakudziwani."

M'malo mopita kwa kapitawo, a Mapu analemba kalata ya masamba atatu yopita ku ofesi ya nkhalango, yodzaza ndi mawu a anzeru akale ndi manambala a mvula. Inali kalata yokongola. Mlembi wa kumeneko anailandira ndi manja awiri, n'kuiika m'thireyi pamwamba pa makalata ena okongola a chaka chatha.

Anapaka masiku anayi. Aliyense amene anawaona akuti sanaonepo munthu wokondwa chotero. Ankayeza ndi chikhatho, kupaka, kubwerera m'mbuyo mapazi khumi, kupendeketsa mutu. Timitengo tating'ono ankatidumpha, chifukwa mlendo ayenera kuimitsidwa pa zokongola zokhazokha. Ankasankha yonenepa, yowongoka, yopanda mphako, yoyandikira njira. Amayi ochokera kokatunga madzi ankaima n'kuyang'ana, ndowa zili pamutu, kenaka n'kuyang'anana okhaokha. Bambo wina wa m'mudzi wachiwiri anawafunsa mwaulemu ngati tsopano alembedwa ntchito ku ofesi. A Mapu anamuyankha kuti iwo salembedwa ndi munthu, ndipo bamboyo anangoti zikomo n'kupitiriza ulendo. Madzulo aliwonse mlongo wawo ankayambanso nkhani ija, ndipo madzulo aliwonse ankaiponya pa mwala. Tsiku lachinayi anangowaikira madzi osamba, basi.

Lachitatu la sabata ya alendoyo a Mapu anakwera basi kupita mumzinda kukasindikiza timapepala ta njira. Anabwerera Lachisanu dzuwa likupendeka pang'ono, timapepala tili m'khwapa. Atangotsika pa siteji anamva kulira kochokera ku chitunda, kulira kwa mavu akuluakulu, kenaka phokoso limene munthu amalimva m'mapazi lisanafike m'makutu. Khuu. Bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi anathamanga ngati mwana wochedwa ku sukulu.

Kuseri kwa sukulu kunali kuwala kumene sikunakhalepo chibadwire iwo. Zitsa zinali mbuu, zikutuluka madzi, utuchi uli mbwee m'njira ngati ufa wotayika. Mbawa umene bambo awo ankapumirapo pochokera kumunda unali utagona chopingasa, anyamata awiri atakhala pamsana pake akunola macheka. Anapeza kapitawo pamwamba pa chitunda, munthu wamfupi wa chipewa chong'ambika, amene anawalonjera bwinobwino ndi kuwafunsa za ulendo. A Mapu anakalipa mpaka mawu anasasa. Anatchula kalata, anatchula malamulo, anatambasula mapu pa chipika. Kapitawo anamvetsera zonse moleza mtima, ngati munthu wodikira mvula kuti ikate.

"Bambo, kalata yanuyo ine sindinaione," anatero. "Ine ndimawerenga penti. Tinkachita kudabwa kuti chaka chino a ofesi atikonda bwanji. Yabwino yokhayokha, yondondozana, ili m'mbali mwa njira, kukoka kosavuta. Ndipo mzere wake waukhondo. Tinati kwabwera bwana watsopano wodziwa ntchito."

A Mapu anamulamula kuti azimitse makina. Kapitawo anati sangathe, galimoto yonyamula ikubwera mawa, ndipo mwini ntchito sadzamva zoti bambo wina wa jekete anakana. Koma anawonjeza kuti mtengo wopanda chofiira iye saukhudza, chifukwa umenewo ndiwo umamangitsa munthu. Umene adzaupeze ulibe chizindikiro adzaudutsa.

Inali itagwa kale makumi awiri ndi isanu ndi umodzi. A Mapu anataya timapepala tawo n'kuthamangira kutsogolo kwa macheka, kukapala ndi mpeni wa m'thumba. Apa ndi pamene anadziwa ubwino wa katundu wa kunja. Pentiyo anali atalowa m'ming'alu ya khungwa, wosasuluka, wosakanganuka, monga momwe chitini chinalonjezera. Mpeni unathyoka pa mtengo wachiwiri. Anayesa mwala, anayesa zikhadabo mpaka zinatuluka magazi. Kumbuyo kwawo makina ankangoyandikira.

Mlongo wawo anatulukira ndi nsompho ziwiri, mwamuna wake ali pambuyo ndi tchizulo ndi hamala. Panalibe amene ananena za laimu kapena za miyala. Mayiyo anangowakankha ndi phewa n'kuyamba kusenga khungwa la pamwamba mopyapyala, kusamala kuti asafike pa mnofu wa mtengo, kenaka n'kumata dothi pa balalo. Kalipentala, amene pakamwa pake sipauma, tsiku limenelo anangoti, "Alamu, gwirani apa," basi. Mtengo umodzi unkawatengera nthawi imene macheka ankagwetsera umodzi.

Pamene anaona kuti sakwanitsa, a Mapu anasiya nsompho, n'kukaima pa mlombwa waukulu wa pamphambano ya mudzi wachitatu. Anatsamira msana pa chizindikiro, mapazi n'kuwakhomera pansi. Anyamata a macheka anafika n'kuima, makina akulira m'manja. Anawauza kuti asunthe. Anakana. Anawaopseza kuti awanyamula. A Mapu anati ayese, ndipo adule pomwepo, ayambire m'chiuno mwawo. Kapitawo anafika, n'kuuzungulira mtengowo pang'onopang'ono, akuyang'ana m'mwamba ndi m'munsi.

"Apa ine chofiira sindikuchiona," anauza anyamata ake. "Ndikungoona madala atatopa. Tiyeni kutsogolo."

Anapita kutsogolo. Munthu ali ndi msana umodzi. A Mapu anaima pomwepo, osatembenuka, akumva mtengo wotsatira ukulira ndi kugwa, ndi winanso pambuyo pake. Dzuwa lisanalowe makina anazima. Inatsala isanu ndi inayi: isanu ndi itatu ya mabala omatidwa dothi, ndi umodzi umene anauteteza ndi jekete.

M'mawa wa Loweruka kalipentala anawalangiza kuti aimbire alendo aja, anene kuti njira yatsekedwa. A Mapu anakana. Anati anthuwo anaitanidwa kudzaona nkhalango ya kwawo, ndipo adzaiona monga momwe ilili. Basi itafika anawalandira atavala malaya oyera, zala zitakulungidwa nsanza. Zizindikiro zinali zitapita ndi zipika, choncho anatsogolera okha. Anthu khumi ndi anayi a nsapato zolimba anayenda pa dzuwa lowotcha, akudumpha nthambi zofota, ndipo pa chitsa chilichonse a Mapu ankaima n'kutchula mtundu wa mtengowo, msinkhu wake, ndi mbalame zimene zinkagonamo. Sanadumphe ngakhale chimodzi. M'midzi anthu anatuluka ndi zipatso zawo, koma alendo anagula mwakachetechete ngati ali pa chipatala.

Pamwamba pa chitunda mayi wina wa m'gululo, atavula chipewa n'kumadzikupiza nacho, anafunsa mokwiya kuti ndani munthu wopanda mtima amene anasankha mitengo yotere kuti idulidwe. Mlongo wa a Mapu, amene ankabwera pambuyo ndi chigubu cha madzi, anatsegula pakamwa kuti awaphimbire. A Mapu anamuletsa ndi dzanja.

"Ndine, mayi," anatero, mutu uli chiimire. "Ndinaisankha ndekha, umodziumodzi. Abale anga anandichenjeza kasanu. Tiyeni, mathithi akadali patali."

Ndipo anatembenuka n'kupitiriza kutsogolera, wowongoka ngati mlombwa, m'njira yopanda mthunzi. Munthu akhoza kuwoloka nyanja, kuwerenga mashelefu onse, kukonda dziko lake mpaka kulira nalo, koma ngati khutu analisiya kutsidya, chikondi chakecho chimagwira ntchito ya mdani. Akuluakulu sananame pamene anati samva za anzake adamva nkhwangwa ili m'mutu.