Atelala Atisiya

M'shopu yometera tsitsi munali matope ofika m'mawondo, koma mwiniwake, yemwe anthu ankamutcha Wailesi, anasiya fosholo n'kumangotokosa foni. Munthuyu nkhani inkamuyabwa ngati chitedze. Chisefukireni mtsinje, anthu a mumsewumo ankafunsana pagulu lawo la pafoni kuti wapulumuka ndani ndipo ali kuti, ndiye Wailesi ankafuna kuti chilichonse chiziyambira kwa iye.

Panadutsa mayi wogulitsa makala, mtolo uli pamutu, akung'ung'udza.

"Kodi atelala aja mwawaonako?" anafunsa Wailesi.

"Iii, musandikumbutse. Atisiya amene aja," anatero mayiyo, osaima n'komwe.

Mkazi wa Wailesi, yemwe ankakokolola matope pakhomo, anati, "Bambo, tawathamangirani muwafunse bwino. Komanso maliro amalengeza ndi abale."

"Ndifunsenso chiyani? Makutu ndilibe?"

Anapeza chithunzi cha atelala n'kuchiponya pagulu, pansi pake atalemba kuti, "Atisiya. Mzimu wawo uuse mumtendere."

Mwana wamkazi wa atelala ankakhala kutsidya kwa mtsinje, ndipo mlatho unali utakokoloka. Iye anali atamvera chenjezo loti aliyense akhale pomwe ali mpaka madzi ataphwa. Ataona uthengawo anaimbira bambo ake, koma foni yawo inali itathima poti magetsi kunalibe. Mutu unaima. Analowa mumtsinje akulira. Madzi anamugwetsa, lata lokokoloka n'kumutema mwendo mpaka pafupa. Anthu anamuvuula ndi chingwe.

Pomwe izi zinkachitika, atelala anali kusukulu ya kumtunda komwe anthu anathawira, ali bwinobwino, akufunda bulangete. Lole yonyamula anthu itabwera, iwo anakwera msanga n'kusiya anzawo pamsewu. Kusiya komwe mayi wamakala ankadandaula kunali kumeneko.

Wailesi anafufuta uthenga uja, koma unali utafika kale kutali. Anapita kuchipatala manyazi atamugwira, n'kupeza atelala atakhala pambali pa bedi la mwana wawo.

"Pepani, achikulire. Ndinamva molakwika."

Atelala sanakweze mawu. Anangovundukula nsalu pamwendo wa mwanayo.

"Ine mwandiukitsa kwa akufa, zikomo. Nanga uyu? Adokotala akuti azitsimphina moyo wake wonse."

 Wailesi anangoyang'ana bandeji ya pamwendopo, misozi ili lengelenge. Akuluakulu sananame: pepani sapoletsa chilonda.